Kodi mwini wake adavomera?



Lero ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Nditamaliza Fomu 4, ndinkathandiza msuweni wanga pa benchi yobena nyimbo pa Mangochi Boma. Munthu amabwera ndi memory card, ife n'kumuthirira mafilimu, makaswida ndi maulaliki. Ineyo ndinkadziona ngati ndikuchita da'wah. Tsiku lina itatha Jumu'ah, kudafika bambo wina wochokera kumbali ya Namwera. Adandipempha ndimusakire makaswida a gulu linalake. Nditawaseweretsa, adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati: "Mwana wanga, mawu amenewo ndi anga. Kuti tijambule ndidagulitsa mbuzi ziwiri. Mpaka lero sindidabwezepo ngakhale imodzi." Sadakalipe. Adapereka salaamu n'kumapita.

Usiku umenewo ndidadzitonthoza ndi mawu omwe ambirife timanena: sindidamuchotsere kanthu, nyimbo yake akadali nayo. Koma taganizani za matola a ku Makanjira. Mutakwera osalipira, galimoto ifikabe, dalaivala sataya tayala. Nanga onse atakwera chomwecho, mawa mafuta agula ndi chiyani? Chomwe ndinkawalanda bambo aja sichinali nyimbo ayi, anali ogula awo.

Mu Surah An-Nisa, ndime 29, Allah (Subhanahu wa Ta'ala) akutiletsa kudyerana chuma m'njira zachinyengo, kupatula malonda omwe mbali zonse zagwirizana. Mfundo ili pa kugwirizanako. Pa benchi paja ine ndi wogula tinkagwirizana, koma mwini thukuta sadafunsidwe.

Ndikudziwa funso lomwe likubwera: kodi ilimu imagulitsidwa? Si Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) adachenjeza za kubisa maphunziro? Funsoli ndi lolemera, ndipo ma ulama adalikambirana. Mu 1988 ku Kuwait, bungwe la akatswiri a fiqh la maiko a Chisilamu lidagamula kuti ufulu wa wolemba buku komanso wa wotulukira chinthu ndi wotetezedwa mu Shari'ah, ndipo kuuphwanya n'kosaloledwa. Alipo ma ulama ena omwe amafewetsa pa wophunzira wokopera kuti awerenge yekha, osati kuti agulitse. Qur'an ndi Hadith palibe mwini pakati pathu. Koma yemwe adakhala zaka akumasulira, yemwe adalipira studio, yemwe adagula pepala ndi inki, ameneyo ali ndi haki yake. Malamulo a dziko lathu nawonso akunena zomwezo: pali lamulo la Copyright la 2016, ndi bungwe la COSOMA lomwe lakhala likutolera ndalama za oimba ndi olemba kuyambira 1992.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi nkhani ya Swahaba Jabir bin Abdillah (Radhiya Allahu anhu). Adagula ngamira, n'kuyenda mwezi wathunthu kupita ku Sham kuti akamve Hadith imodzi yokha kwa Abdullah bin Unais. Hadith imeneyo ikukamba za chiyani? Za tsiku la Qiyamah, pomwe munthu sadzalowa ku Jannah asanabweze haki ya mnzake, ngakhale itakhala ya mbama imodzi. Kumeneko kulibe makwacha, malipiro ake ndi zabwino zathu. Ife lero timalandira mabuku makumi awiri pa WhatsApp tisanamalize kapu ya tiyi, osafunsa n'komwe kuti achokera kuti.

Sindikunena kuti tisiye kugawana. Masheikh ambiri amanena okha kuti falitsani. Mabuku ena adalembedwa pachikuto kuti ndi waqf, ogawa ulere. Amenewo tumizani mpaka bundle ithe, ndi sadaka. Koma chala chisanadine forward, dzifunseni: kodi mwini wake adavomera? Ngati adati gulani, gulani. Ngati ndalama zavuta, bwerekani kwa mnzanu, sonkhani pa gulu, kapena mulembereni mwini wake mumupemphe. Ambiri sakana. Ndipo inu abale omwe mukudyera pa benchi, sindikukunyozani, ndikudziwa mmene ntchito ikusowera. Pitani mukatenge chiphaso ku COSOMA, ndipo oimba a kwathu kuno mugwirizane nawo pamaso.

Tisaiwale kuti tchimo la pakati pa iwe ndi Allah limafufutika ndi toba, koma haki ya munthu imafuna kubweza kapena kukhululukidwa ndi mwini wake. Bambo aja ndidawasaka patapita miyezi, ndidawapeza, ndipo adandikhululukira. Ena onse omwe ndidabena ntchito zawo sindiwadziwa ngakhale nkhope. Amenewo ndimawapangira dua ndi kupereka sadaka m'dzina lawo, uku ndili ndi mantha.

Allah atikhululukire, ayeretse rizq lathu, ndipo asatiimike pa tsiku la Qiyamah tili ndi ngongole za anthu. Ameen.

Uthenga uwu ndavomera, ugaweni.