Malaya a Dorika

Werengani Macitidwe a Atumwi 9:36-42.

Pa mabanja ambiri a Cikristu pali dzina la mai mmodzi limene ana ndi adzukulu alichula ndi ulemu. Ena a amai otere agona m'manda a kumudzi. Ena anatsata ana ao ku Lusaka, ndipo tinawaika ku Chunga, kutali ndi minda imene analima. Kodi tiwakumbukire bwanji? Buku Lopatulika litionetsa njira.

Ku Yopa, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kunali mkazi wokhulupira wochedwa Tabita, m'Cihelene Dorika. Sitiwerenga kuti analalikira, kapena kuti anali ndi cuma. Cimene tidziwa ndi ici: anali kusokera aumphawi zobvala. Atamwalira, abale anatuma anthu awiri kukaitana Petro ku Luda. Pofika iye, akazi amasiye anamzinga alikulira, namuonetsa malaya amene Dorika anasoka. Taonani, iwo sanacurukitse mau omtama. Umboni wao unali m'manja mwao. Petro anagwada, napemphera, ndipo Ambuye anambwezera moyo, kotero kuti ambiri a ku Yopa anakhulupira.

Dziko lathu lomwe lakhala nao amai a mtima umenewu. Mu Lusaka, pafupi ndi Kabulonga ndi Mtendere, pali malo okhala anthu ochedwa Helen Kaunda. Ambiri apitapo tsiku ndi tsiku osadziwa mwini dzinalo. Mai Helen anacokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Mwamuna wao, David Kaunda, anatumidwa ndi Misyoni ya Livingstonia kukalalikira Mau a Mulungu kwa Abemba a ku Chinsali, ndipo awiriwo anagwira nchito ya uphunzitsi ku Lubwa. M'caka ca 1932 David anamwalira, mwana wao wotsiriza, Kenneth, ali ndi zaka 8.

Umasiye unadza ndi umphawi. Kenneth anasimba m'buku lace la 1962, Zambia Shall Be Free, kuti pamene sukulu inayamba kufuna 2s. 6d., amai ace analibe ndalamayo, ndipo anawabwereka ndi mnansi wacifundo. Mwana uja anakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia m'caka ca 1964, ndipo kufikira imfa yace mu 2021 anali kuchula Mulungu amene anamdziwira pa miyendo ya amai ace. Lingalirani za anthu awiriwo: mkazi wamasiye amene sanaleke kupemphera ndi ana ace, ndi mnansi amene sanatseke dzanja. Wina dzina lace lamveka m'dziko lonse, wina laiwalika. Koma kwa Mulungu onse awiri alembedwa.

Momwemo anali agogo athu ambiri. Dzuwa litapendeka anali kukhala pamphasa ndi singano ndi thonje, kutsekera zigamba kabudula wa mwana wamasiye, kusoka kamalaya ka khanda la mnansi, kupinda nsaru ya pa gome la Mgonero. Kukagwa maliro anali oyamba kufika ndi lichero la ufa, ndiponso otsiriza kucoka m'siwa. Nchito yomweyo aipitiriza amai a Cigwirizano, a Mvano, a Umanyano, ndi iwo amene bungwe lao lichedwa ndi dzina la Dorika.

Tsono pali ngozi. Masiku ano zobvala za salaula zadzaza misika, ndipo atsikana ambiri akula osagwirako singano. Kugula cobvala sikucimwa ai. Koma singano ya agogo inali sukulu: pomwepo mwana anaphunzira kudekha, kusamala ca mwini, ndi kuona msanga mnzace wausiwa. Tikataya singano pamodzi ndi maso aja oona wosauka, tataya colowa cathu.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zitatu m'caka cino. Coyamba: ngati amai anu akali moyo, musadikire tsiku la maliro kuti muwagulire nsaru yatsopano, abvekeni lero, akali kumva kuzizira. Caciwiri: inu amai a mumpingo, tengani mtsikana mmodzi, mumphunzitse msoko ndi pemphero pamphasa imodzi. Cacitatu: yense afune m'mudzi mwace wamasiye kapena nkhalamba imene ilibe copfunda, ndipo mwezi wa June usafike iye asanathandizidwe.

Sitinena kuti singano ipulumutsa munthu. Cipulumutso cicokera kwa Yesu Kristu yekha, mwa cisomo. Koma mtengo udziwika ndi zipatso zace, ndipo Yakobo aticenjeza kuti cikhulupiriro cosabala nchito ciribe moyo. Tsiku lirinkudza limene anthu adzasonkhana pakhomo panu ndi panga. Nyimbo zidzayimbidwa, mbiri idzawerengedwa. Koma kodi padzapezeka mmodzi wonyamula kanthu m'manja, nanena kuti ici anandicitira ndi iyeyu?

Ambuye amene anaukitsa Dorika adzaukitsanso amai athu pa tsiku lomariza. Atipatse ife manja onga ao. Amen.