Kodi Pantchito Pathu Munthu Anganene Kuti "Ndalakwitsa"?

Kuchigwa cha Shire kuno ntchito yomanganso sinathe. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ndi midzi yambiri ya ku Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anagwetsanso nyumba ndi kudula misewu mpaka ku Nsanje. Pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula timaona omanga nyumba, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi amakaniko ali kalikiliki, ena ali ndi achinyamata ophunzira ntchito pambali pawo. Ambiri mwa iwo nawonso anataya katundu, ziweto, ngakhale abale pa madzi omwewo. Amamanga nyumba za ena atasenza chisoni chimene sanauzepo munthu.

Tikamakamba za chitetezo pantchito, timathamangira ku zooneka: jombo, magolovesi, magalasi otchinga maso powotcherera, makwerero olimba. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1997 lokhudza chitetezo ndi umoyo wa anthu pamalo a ntchito, ndipo zimenezi n'zofunika. Koma funso lathu lero ndi ili: kodi mmisiri amene wateteza manja a wophunzira wake, koma wamusiya akugwira ntchito mwamantha tsiku lililonse, wakwaniritsa udindo wake?

Taganizani za mnyamata wa pagalaja amene wakumbukira kuti sanamange bwino manati a tayala la minibasi, ndipo minibasiyo ikukakwera chitunda cha ku Thabwa kupita ku Blantyre. Ngati akudziwa kuti akaulula atukwanidwa pamaso pa anzake ndi kudulidwa malipiro, akhala chete n'kumayembekeza kuti palibe chichitike. Chimodzimodzi wothandiza mmisiri amene wachepetsa simenti posakaniza konkire ya lintala. Mng'alu udzaoneka patapita miyezi, banja litalowa kale m'nyumba. Mantha sachotsa zolakwa, amangozikankhira kobisika. Choncho pamalo pamene munthu sangathe kunena kuti "ndalakwitsa", "sindikudziwa" kapena "ndatopa", palibe amene ali wotetezeka, ngakhale kasitomala.

Ena mwa ife tinganene kuti, "Ifenso tinaphunzira ndi kukalipiridwa, ndipo tinakhwima." Mawuwa ali ndi mfundo yake. Ntchito zamanja sizifuna chibwana. Khoma lopindika liyenera kugumulidwa, ndipo mmisiri wosadzudzula amawononga wophunzira. Koma kudzudzula ntchito n'kosiyana ndi kunyoza munthu. Kunena kuti "khoma ili silinawongoke, tenga levulo tiyesenso" kumaphunzitsa. Kunena kuti "iwe ndi mbuli, sudzatha kanthu" sikuwongola khoma, kumangophwanya mtima. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga amene anamuseka tsiku limene anafunsa, alibe mlandu pa phulalo?

Bahá'u'lláh anatiphunzitsa kuti ntchito ndi njira yopembedzera Mulungu, ndipo 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti zimatero tikaigwira ndi mtima wotumikira anthu. Ngati zili choncho, ndiye kuti shedi ya kalipentala ndi malo olemekezeka, ndipo woponda matope ali ndi mzimu wa mtengo wofanana ndi wa kapitawo. Timaphunzitsidwanso kunena zoona ndi kupewa miseche. Ziwirizi zimayendera limodzi. Sitingalamule mnzathu kuti azinena zoona pamene tikudziwa kuti akaulula za ngongole ya katapila, za kusowa tulo kapena za mavuto a m'banja, mawa lake nkhaniyo ikhala nthabwala ya pamsika. Amene akufuna kumva zoona ayenera kuyamba waphunzira kusunga chinsinsi.

Mwambi woti mwamuna salira wavulaza ambiri. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumatha kupitirira madigiri 40, munthu wokhoma malata amatopa thupi ndi maganizo omwe. Akawonjezerapo malipiro ochedwa ndi njala kunyumba, ena amathawira ku kachasu, ena amangoti duu. Tizizindikira zizindikiro: mnzathu wanthabwala akasiya kuyankhula, akayamba kujomba, kupsa mtima msanga, kapena kunena kuti moyo ulibe phindu. Tisadikire kuti adzatiuze yekha. Timutengere pambali, pamthunzi, timufunse modekha ndipo timvetsere osafulumira kupereka malangizo.

Tidziwenso malire athu. Pemphero limatonthoza mtima, komabe m'buku la Kitáb-i-Aqdas Bahá'u'lláh anatilangiza kupita kwa madokotala odziwa ntchito tikadwala. Kuvutika maganizo ndi matenda ngati ena onse, si chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa. Mnzathu akanena zofuna kudzipha, tisamusiye yekha. Timuperekeze ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene angamuthandize kapena kumutumiza kwa akatswiri ku Blantyre kapena ku Zomba.

Zina zili m'manja mwathu lero lomwe, ndipo sizifuna ndalama. Mmisiri angathe kuthokoza wophunzira amene waulula cholakwa chisanapweteke munthu. Gulu lingakambirane kwa mphindi zochepa m'mawa, wamng'ono n'kupatsidwa mpata woyankhula poyamba. Mwini ntchito anganene zoona za tsiku la malipiro m'malo molonjeza zimene sangathe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amisiri amadziwa zimenezi kuposa tonsefe.

Mafunso okambirana
1. Kodi pamalo pamene timagwira ntchito, wamng'ono kwambiri akalakwitsa amauza ndani?
2. Tingadzudzule bwanji ntchito yosalongosoka popanda kuchotsa ulemu wa amene waigwira?
3. Ndani mwa anzathu amene wakhala chete masiku ano, ndipo tidzamuyendera liti?