Kodi Ulendo wa ku Mzinda Aulamula Ndani?

Ife a ku Cassacatiza timakhala m'mbali mwa mseu. Tsiku ndi tsiku timaona magalimoto akulu-akulu akucokera ku Chanida, ku Zambia, kupita ku Tete ndi ku Beira. Munthu wokhala pa mseu sacedwa kuganiza za ulendo. Cotero sitidabwa tikamva bambo akuti, "Tikakolola caka cino, tisamukira ku Tete."

Nkhani imeneyi inabuka tsiku lina pa sukulu yathu ya akulu. Bambo wina anati, "Mwamuna ndiye mutu wa banja. Ndikati tiyeni, onse anyamuke." Amai anakhala cete. Kenaka mai wina wacikulire anafunsa kuti, "Nanga munda mukuusiyawo ngwa yani, bambo?" Tonse tinaseka, koma funsolo linali lalikulu.

Tiyeni tiganize bwino. Pa mwambo wathu wa Acewa, mabanja ambiri amakhala kucikamwini. Munda ngwa kwao kwa mkazi. Nkhokwe iri pa khomo la mkazi. Mai wake, alongo ake ndi amalume ake onse ali pafupi. Mwamuna akacita nkhanza, mwinimbumba amamva tsiku lomwelo. Tsono banja likasamuka, wotaya zambiri ndani? Mwamuna apita kukafuna nchito, ndipo akaipeza dzina lake limakwera. Mkazi asiya munda, asiya abale, asiyanso anthu amene amamuimirira pa mlandu. Ku mzinda ufa ngwogula, makala ngogula, madzi ngogula, nyumba nayo nja lendi. Mai amene kuno amangolowa m'nkhokwe osapempha munthu, kumeneko adzayamba kupempha ndalama ya ndiwo m'mawa uli wonse.

Sitikunena kuti mzinda ngwoipa, iai. Ku Tete kuli cipatala cacikulu ca provinsiya, masukulu a sekondale ndi mayunivesite. Amene amanyoza mzinda mwina sananyamulepo mwana wodwala pa njinga usiku. Banja lofunira ana ake zabwino sililakwa. Ndipo si ife tokha tikuganiza zopita. Pa kalembera wa 2007 mzinda wa Tete unali ndi anthu pafupi-fupi 155,000. Pa kalembera wa 2017 anapitirira 300,000. Ambiri anakopeka ndi malasha a ku Moatize, kumene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011. Koma nchito za pa mgodi zimafuna mapepala ndi luso. Wopanda mapepala amakathera ku ganyu, kapena kugulitsa tomato pa msika wa Kwachena. Kumeneko anthu amalankhula Cinyungwe ndi Cipwitikizi. Mai wodziwa Cinyanja cokha, amenenso sawerenga, angakhale mlendo zaka zambiri.

Makolo athu ulendo amaudziwa. Pa nthawi ya nkhondo ambiri a m'dera la Chifunde anathawira ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi, kufupi ndi Petauke. Palibe anafunsidwa maganizo ake, cifukwa mfuti sifunsa. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera, ndipo cimene cinawadyetsa ndi minda imene mbumba ndi anyakwawa anali kuidziwabe malire ake. Ulendo wa lero ngwosiyana. Palibe akutithamangitsa. Tiri ndi nthawi yokhala pansi. Ngati nthawi iripo koma bambo safunsa mkazi wake, ife tikuti kumeneko nkulakwa, ngakhale colinga cake cikhale cabwino. Agogo otsala nawo afunsidwe, pakuti iwo ndiwo adzasowe wowatungira madzi.

Ena m'kalasi anati, "Apite bambo yekha poyamba, akaone." Nzeru imeneyi ife taigwirizana nayo, koma ili ndi minga yake. Tonse tidziwa mabanja amene bambo anapita kukaona, nakapeza mkazi wina. Ngati apita yekha, apangane mwezi wobwerera pamaso pa ankhoswe. Ndipo pamene onse adzanyamuka, munda usangosiyidwa kuti umere chire. Auikize kwa mbale, nyakwawa ali pompo. Ndalama ya ulendo wobwerera asunge mai, isakhudzidwe.

Bambo uja sanasinthe maganizo tsiku lomwelo, ndipo ife sitinamukakamize. Mlungu wotsatira anabwera ndi mkazi wake, amene anali asanalowepo m'kalasi. Maiyo sananene ngati adzapita ku Tete kapena ai. Anangopempha kuti tiyambe kumuphunzitsa manambala, kuti pepala la lendi azidzaliwerenga yekha.