Abusa Akamachoka, Mpingo Umathokoza Chiyani?

Tsiku lotsanzikana ndi abusa mu CCAP, amayi a Mvano amabwera ndi zitenje, madoda akukoka mbuzi, kwaya ikuyimba mpaka mawu kusasa. Oyankhula amatamanda tchalitchi cha malata chimene abusawo anamangitsa. Maliro amene ankapitako pa njinga mvula ili pamsana amangotchulidwa mothamanga, chonsecho ndi amene anamfedwa amakumbukira. Kodi ntchito ya mbusa imayezedwa ndi njerwa?

Misozi yotsanzikana ndi abusa njakalekale. Pa Machitidwe 20, akulu a mpingo wa ku Efeso analira potsanzikana ndi Paulo ku Mileto. Komabe mtsogoleri wina wakale wa mpingo, John Wesley, ankasamutsa dala alaliki ake pafupipafupi, poona kuti mlaliki akakhalitsa pamalo amodzi, iye ndi omvera ake amazirala. Ndipo kunena mosabisa, ena amaperekeza abusa mitima ili myaa.