Matenda a malemu ndi a yani?

Pa maliro athu, wowerenga mbiri ya malemu satchula kawirikawiri chimene chapha munthu. Amangoti anatisiya atadwala kwa nthawi yaitali, kapena kwa nthawi yochepa, kenaka n'kupita pa chiwerengero cha ana ndi zidzukulu. Mwambo umenewu ndimaulemekeza. Thupi la munthu ndi chinsinsi chake, ndipo amene wagona m'bokosi sangathenso kudziyankhira. Koma nanga ngati malemuwo anatha zaka zawo zomaliza akutchula matenda awo poyera? Tikawabisa matendawo, tawalemekeza kapena tawatseka pakamwa?

Funsoli linatigawa pabanja pathu pamene amalume anga anamwalira. Anali mphunzitsi wa pulayimale, bambo wa ana asanu, mwinimbumba amene analipirira sukulu ana a alongo awo, ine ndemwe, komanso nkhoswe ya maukwati ambiri. Sitiroko yoyamba inawagwira m'mawa akumwa tiyi: kapu inagwa m'dzanja lamanja, pakamwa panapotoka, mawu anakana kutuluka. Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi. Ataphunziranso kuyenda ndi ndodo komanso kulankhula, anagula kamakina koyezera BP, n'kumayenda nako kutchalitchi, kumsonkhano wa banki m'khonde, ngakhale pabwalo la bawo. Aliyense wopezeka ndi BP yofika 140/90 kapena kupitirira ankamutumiza kuchipatala, ndipo sabata yotsatira ankamufunsa ngati anapitadi.

Usiku wa maliro, akazi awo anapempha kuti mawu akuti sitiroko asamveke mu mbiri. Chifukwa chawo sichinali chopepuka. Ankati kwa zaka zonsezo anthu ankayamba aona ndodo asanaone munthu, ndipo alendo ankafunsa iwo za mwamuna wawo mwiniwake ali pomwepo. Tsiku limodzi lokhali ankafuna kuti amuna awo akumbukiridwe ngati bambo ndi mphunzitsi, osati ngati wodwala. Ndani angatsutse mayi amene anasambitsa ndi kuveka mwamuna wake miyezi yambiri?

Komabe ine ndinali mbali ya ana awo, amene ankafuna kuti dzina la matenda litchulidwe. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo ndaona kuti dzina limene timapatsa nthenda limatiuza kothamangira. Tikati "wafa ziwalo", zimamveka ngati nkhani yatha kale, chatsala n'kuyala mphasa. Amalume ankadana nawo mawu amenewa, poti dzanja lawo linayambanso kugwira choko atalimbikira mafizo. Tikati "wamenyedwa hamala", ulendo umalunjika kwa sing'anga, ndipo maso a mudzi amayamba kufunafuna womenyayo. Kawirikawiri amagwera pa agogo ena osauka, ngakhale kuti lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti. Pamene banja lakhala chete, mudzi sukhala chete. Umadzaza mpatawo ndi nkhani yakeyake.

Chimene amalume ankaphunzitsa ndi chosavuta kumva. Sitiroko imachitika magazi akalephera kufika mbali ina ya ubongo, nthawi zambiri chifukwa chakuti mtsempha watsekeka, nthawi zina chifukwa chakuti waphulika. Ubongo ukavulala kumanzere, ziwalo zakumanja ndi zimene zimafooka, ndipo nthawi zambiri mawu amasokonekeranso. Zizindikiro zake mwana angathe kuziona: nkhope yagwa mbali imodzi, mkono sukukwera, lilime likulemera. Chotsatira ndi kuthamangira kuchipatala osadikira kuti kuche, chifukwa mbali ya ubongo yosowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa. Chachikulu chimene chimaika munthu pa chiopsezo ndi BP, imene imatha kukwera zaka zambiri popanda kupweteka paliponse. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti ku Malawi pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ndiye kuti pa khamu la pamaliro paja, ambiri anali pa njira yomweyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mantha akuti matenda adzameza mbiri ya munthu ndi omveka, koma sikuti zimatero nthawi zonse. Levy Mwanawasa, mtsogoleri wa dziko la Zambia, anadwala sitiroko mu 2006, inamugwiranso mu June 2008 ali ku msonkhano wa African Union ku Sharm el-Sheikh, ndipo anamwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho. Aliyense anadziwa chimene chinamutenga, koma anthu akamamukumbukira amayamba ndi nkhondo yake yolimbana ndi katangale. Dzina la nthenda limameza munthu pokhapokha ngati otsalafe tilibe china chonena za iye.

Ndipo kwa amalume, ubambo ndi kamakina kaja sizinali zinthu ziwiri. Munthu amene analera ana a eni ake ndi yemweyo amene ankakulunga lamba woyezera pa mkono wa mnansi. Ankadzudzula mchere wa m'ndiwo ndi liwu lomwe ankadzudzulira nalo mwana wojomba kusukulu. Kuchotsa sitiroko mu mbiri yawo kukanakhala kuchotsa zaka zimene mbumba yawo inakula mpaka kukhala mudzi wonse.

Yankho langa ndi lakuti matenda ndi a mwini thupi, ndipo imfa siisintha umwini umenewu. Amene anasunga nthenda yake mwachinsinsi, tiyenera kumusungira chinsinsicho ngakhale titaona kuti kuulula kungathandize ena. Si ife oyenera kusandutsa mtembo wa munthu kukhala phunziro. Koma amene anaipereka yekha kwa anthu, banja lilibe mphamvu yoilandanso. Ife otsala ndife osunga chabe, monga mmene timasungira munda umene malemu anapatsa munthu ali moyo. Sitikaulanda chifukwa chakuti wopereka uja wapita.

Izi sizikuchotsa ululu wa mayi wamasiye uja, ndipo sindikunena kuti anavomera ndi mtima wonse. Anangolola kuti mwana wawo woyamba awerenge zonse ziwiri, za bambo ndi za sitiroko, m'ndime imodzi. Kamakina koyezera BP anakasunga iwo eni. Pa 29 October, tsiku limene dziko lonse limakumbukira za sitiroko, anakatulutsa m'kabati n'kupita nako ku msonkhano wa amayi a mvano.