Mphindi imodzi ya achemwali



Sabata yonseyi ine ndasanduka panelo. Achemwali anga anamaliza maphunziro a unamwino, mayeso a Nurses and Midwives Council anakhoza, ndipo Lachinayi likudzali ali ndi intaviyu pachipatala china chomwe chikufuna namwino wa ku fiyeta. Ndiye tikangoswali Isha, ine ndimakhala pampando ndi kope, iwo amagogoda pachitseko cha chipinda chawo chomwe n'kulowa ngati mlendo. Ku yunivesite ndikuphunzira zina, za mipeni ndi magazi sindizidziwa, koma kufunsa mafunso nkhope ili gwa ndimatha. Andilola kuti ndilembe izi, bola ndisatchule dzina.

Mafunso ambiri sakuwavuta. Ndikafunsa za checklist ya WHO ya 2008, amayankha ngati mwana wa ku madrasa amene waloweza bwino phunziro lake: mfundo 19, zofunsidwa nthawi zitatu, wodwala asanagonekedwe tulo, khungu lisanachekedwe, komanso asanatuluke m'fiyeta. Za kuwerenga zipangizo ndiye amachita kuimirira. Namwino wopatsira zida ndi mnzake woyendayenda amawerenga limodzi mokweza ma swab, masingano ndi zida zonse asanayambe, n'kubwerezanso asanatseke. Swab imodzi ikasowa, satseka mpaka ipezeke, chifukwa ikatsalira m'mimba imatha kuchita mafinya, munthu n'kubwereranso ku mpeni kachiwiri.

Tinakodwa pa funso limodzi lokha: "Tiuzeni cholakwa chomwe munachitapo pantchito."

Anakhala chete, kenaka anandiuza nkhani yomwe sanauzepo ngakhale amayi. Ali wophunzira, anawalola kupatsira zida pa opaleshoni ya mayi wina wobereka. Atasamba m'manja, atavala gawuni ndi magulovu, potembenuka dzanja lawo linakhudza chitsulo chokolekapo diripi. Chitsulo chimenecho sichiphikidwa, aliyense amachigwira. Lamulo amalidziwa: wakhudza, nena, sintha gulovu. Palibe anaona. Ochita opaleshoniwo anali atakalipa kale kawiri m'mawa umenewo. Achemwali anaopa. Anakhala chete pafupifupi mphindi imodzi, ndipo m'mphindi imeneyo anapereka chida chimodzi ndi dzanja lomwelo. Kenaka anati, "Pepani, ndakhudza." Anawakalipira zedi, gulovu anasintha, chidacho anachichotsa. Masiku otsatira ankazembera ku wodi kukasuzumira bala la mayi uja. Linapola bwino, Alhamdulillah.

Mnzawo wina yemwe anayamba kale ntchito anawalangiza kuti nkhaniyi aikwirire, akangonena zija amanena aliyense zoti vuto langa ndimalimbikira ntchito mopyola muyeso. Zimenezo tonse tinaziseka. Panelo yamva yankho limeneli kambirimbiri, ndipo ndi bodza la poyera.

Nzeru yanga inali yochenjera kuposa pamenepo, ndipo ndi imene ikundisowetsa mtendere. Ndinati, "Achemwali, nkhaniyi ndi yabwino kwambiri. Kainenenitu. Koma muchotsemo mphindi ija. Mukangoti ndinakhudza, ndinanena, ndinasintha." Taonani mmene ikukomera! Wophunzira wamng'ono, bwana wolusa, iye osaopa. Liwu lililonse m'chiganizomo ndi loona. Anakhudzadi, ananenadi, anasinthadi.

Ndipo ndinali ndi zifukwa zanga. Anamwino ophunzira bwino akukhala pakhomo miyezi kudikira ntchito, tonse tikuwadziwa. Fizi ya achemwali inadya mbuzi za abambo, ndipo yanga ya chaka chamawa ikuyang'ana malipiro awo oyamba (ndiye musandione ngati woweruza wopanda mbali). Komanso ku madrasa anatiphunzitsa kuti chimene Allah wakubisira usamachiyanike wekha pabwalo. Intaviyu si malo olapira. Ngakhale Mneneri Yusuf, alaihi salaam, pamene ankapempha udindo woyang'anira nkhokwe za ku Iguputo, anatchula zomwe amatha. Kudzionetsa mbali yabwino pofuna ntchito si tchimo. Wogulitsa tomato pamsika saika wophwanyika pamwamba.

Koma pa tomato pomwepo m'pamene ndinadzikola ndekha. Kuika wabwino pamwamba kuti wogula asaone wowola ali pansi, ustadh wathu ankakutcha chinyengo, ndipo ankakwiya nako kuposa ngakhale kujomba kwathu. Ndiye funso ndi ili: kodi mphindi ija ndi manyazi a achemwali okha, oyenera kuphimbidwa, kapena ndi tomato wapansi amene wogula ali ndi ufulu womuona?

Achemwali anandiyankha mwa njira yawo. Anati, "Iwe, ku fiyeta ukhondo suoneka ndi maso. Gulovu yokhudza ndi yosakhudza zimaoneka chimodzimodzi. Wodwala ali m'tulo, dokotala maso ali pabala. Chomwe chimamuteteza munthu uja ndi pakamwa panga basi." Ndinamvetsa kuti panelo ikamafunsa za cholakwa sikuti ikufuna miseche. Ikufuna kudziwa kuti munthuyu akalakwa popanda womuona, zimamutengera nthawi yaitali bwanji kuti alankhule. Yankho loona la achemwali ndi lakuti tsiku lina zinatenga mphindi imodzi. Yankho langa lokonzedwa lija likuti sizinatenge nthawi. Ndiye kuti ndinadula chinthu chokhacho chomwe funsolo likufuna. Mawu onse oona, koma chithunzi chotsala m'mutu mwa womvera chabodza, ndipo ndinachikonza dala kuti chikhale chotero.

Kubisa aibu kuja ndikuona kuti kumagwira pa zomwe zili pakati pa iwe ndi Mbuye wako. Apa panali munthu wachitatu atagona pathebulo, ndipo padzakhala enanso ambiri. Amene akufunsa Lachinayi akufunsa m'malo mwa anthu amenewo, omwe sadzakhala ndi mpata wofunsa okha.

Sindikunena kuti ndagonja kwathunthu. Ndinayesa khomo lina: bwanji osasankha cholakwa china chaching'ono, choona ndithu, monga tsiku lomwe anaiwala kulemba nthawi pa fomu? Palibe lamulo loti ukaulule choipitsitsa. Mpaka pano ndikuganiza kuti njira imeneyi ndi yololedwa, ndipo wina akaisankha sindingamutche wabodza. Achemwali akuti kwa iwo ingakhale kuthawa, chifukwa funsolo likangofunsidwa chomwe chimabwera m'mutu ndi chitsulo cha diripi chija, ndipo akakhala akulankhula za fomu uku akudziwa chomwe akuzemba. Akuti mantha omwe anawatseka pakamwa tsiku lija ndi omwewo akuwauza lero kuti adule nkhani, kungoti lero avala suti. Ine ndinawauza kuti panelo ina imangofuna chifukwa chochepetsera mayina pamndandanda, ndipo akhoza kuwapatsa okha chifukwacho. Anavomera kuti n'zotheka. Rizq ili m'manja mwa Allah, tonse timatero, koma kunena zimenezi uli ndi ngongole ya pagolosale n'kovutirapo kusiyana ndi kuzilemba pa Facebook.

Pomwe tafika ndi apa. Yankho talifupikitsa kukhala ziganizo zinayi: chomwe chinachitika, mphindi ija, chomwe anachita, ndi chomwe amachita tsopano, chomwe ndi kunena mokweza nthawi yomweyo manja ali m'mwamba, asanaganize n'komwe za nkhope ya bwana. Dzulo anagogoda, analowa, ndinafunsa. Pofika pa chiganizo chachiwiri mawu ananjenjemera, koma anapitiriza mpaka kumapeto. Ine panelo ndinayang'ana m'kope, osadziwa kuti ndilembe malikisi angati.

Yunifolomu asita kale, mapepala ali mu envulopu. Intaviyu ndi 9 koloko m'mawa. Muwakumbukire m'ma dua anu.