Wopanda munda adya chiyani?

Amayi anzanga, nkhaniyi inayamba pa msonkhano wathu wina kuno ku Mwanza, tikukonzekera chopereka cha masika. Mayi wina wachikulire anafunsa mosabisa kuti, “Kodi ine wamasiye ndisenze dengu la chimanga kupita nalo kwa Bambo, pomwe iwo amalandira malipiro?” Ena anang'ung'udza. Ine funsolo linandikhala pamtima, ndipo nditafika kunyumba ndinatsegula buku la Numeri.

Aisraele ali m'chipululu sankasankha okha tsiku lonyamuka. Pa Numeri 9 timawerenga kuti mtambo unkakhala pamwamba pa chihema. Ukakwera, ulendo, ukakhazikika, kaya masiku awiri, kaya mwezi, kaya kuposerapo, onse ankadikira. Koma mtambo sunkazula zikhomo kapena kupinda nsalu. Ntchitoyi inali ya fuko la Levi. Pa Numeri 7 atsogoleri anapereka ngolo 6 ndi ng'ombe 12. Mose anapatsa Agerisoni ngolo 2, Amerari ngolo 4, koma Akohati sanalandire ngakhale imodzi, chifukwa zinthu zopatulika kwambiri zinkayenera kunyamulidwa pamapewa. Amene anali pafupi kwambiri ndi zopatulika ndi amene ankatuluka zikanga. Ife osenza nkhuni ndi madzi tikudziwa tanthauzo lake.

Kenaka pa Numeri 18 Mulungu akuuza Aroni kuti sadzakhala ndi cholowa cha malo monga mafuko ena. Iye mwini ndiye gawo lake. Alevi anapatsidwa midzi 48 ndi mabusa a ziweto, koma chakudya chawo chinali chakhumi cha anthu. Mawuwa ndi okoma kuwamva m'tchalitchi. Koma taganizani, kwathu kuno munthu wopanda munda timamuona bwanji? Mulungu anaika dala Mlevi pamalo oti azidalira manja a anzake. Pa Deuteronomo 14, m'chakhumi cha chaka chachitatu, Mlevi watchulidwa pamodzi ndi mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ife a ku Mwanza mlendo timamudziwa: amayi athu anagawana ufa ndi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique mpaka mtendere utabwera m'chaka cha 1992. Mlevi ali m'gulu limenelo.

Apa ndi pamene funso la mayi uja likundivuta. Ngati Mlevi ndi wamasiye onse adyera m'nkhokwe imodzi, si bwino kuti wamasiye agone ndi njala kuti wansembe akhute. Malemba sanamuike wamasiye pansi pa Mlevi. Ndiye mayiyo sanalakwe kufunsa, ndipo ife amene tinang'ung'udza tinafulumira.

Komabe mbali inayo ilipo. Wansembe sasankha parishi. Kalata ya Bishopu ikafika, amamanga katundu. Sindikunena kuti kalatayo ndi mtambo. Bishopu ndi munthu, angathe kulakwitsa. Ngakhale Mose, mtambo uli pomwepo, anapempha Hobabu kuti awatsogolere chifukwa ankadziwa chipululu. Koma kusamukako ndi kwenikweni, ndipo amene amakumva kuwawa kwambiri ndi mkazi wa wansembe. Ndinaonapo mmodzi akubzala mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba ya mpingo, namathirira chilimwe chonse. Mitengoyo isanabereke, anali atasamutsidwa. Ife tikatola manachesi athu n'kukagulitsa kumsika kapena m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre, iye alibe mtengo woti n'kuutchula wake. Ana ake asintha sukulu kangapo.

Anthu akasiya kupereka, chimachitika n'chiyani? Nehemiya 13 ikutiuza. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu anapeza kuti Alevi sankalandiranso gawo lawo, ndipo aliyense anathawira kumunda kwake. Nyumba ya Mulungu inasiyidwa. Nehemiya sanayambe ndi kudzudzula Alevi. Anakangana ndi akuluakulu a anthu, kenaka anaika anthu okhulupirika kuti aziyang'anira nkhokwe ndi kugawa. Timadandaula kuti Bambo sakuyendera odwala, atanganidwa ndi geni. Tinafunsapo kuti malipiro awo a mwezi watha anafika?

Nawonso Alevi sanamasulidwe. Pa chakhumi chimene ankalandira ankachotsapo chakhumi chawo, ndipo chinkayenera kukhala chabwino koposa. Wolandira nayenso ankapereka, ndipo zinkadziwika. N'chifukwa chake sindiona cholakwa ngati amayi apempha kuti msungichuma awerenge poyera zimene zalowa ndi kumene zapita.

Pa msonkhano wotsatira tinagwirizana kuti madengu a masika tiziwagawa pawiri, ena kunyumba ya Bambo, ena kwa amasiye amene tawalemba mayina. Mayi uja anabwera ndi kambale ka nandolo. Titamufunsa kuti tikaike mbali iti, anaseka n'kunena kuti tisankhe tokha, iye watopa ndi ulendo.